A Nambewe, Otema Mphini pa Zitini

Mwezi uno wa chisanu zakwana zaka khumi chiwaikire m'manda apongozi anga a Nambewe, amayi awo a bambo ake Lute. Ndinakhala nawo mpanda umodzi zaka khumi ndi zitatu, m'munsi mwa phiri la Dedza, ndipo tinakangana kosawerengeka. Ankati sindidziwa kuzira nyumba, ankati ndimathira mchere ngati ndinakwatiwa kwa mmwenye wa sitolo, ankati ndimayenda mofulumira ngati wothawa msonkho. Inenso pakamwa sindinabwereke kwa munthu, ndinkawayankha. Choncho musaganize kuti ndikuwayamikira chifukwa choti anafa. Ndikuwayamikira chifukwa munthu wotere sindinamuonenso.

Chinthu chimodzi chokha ankachiopa mayi ameneyu. Njoka ayi, ankazipha okha ndi mpini wa khasu. Imfa ayinso. Ankaopa kuikidwa popanda nyimbo. Kwathu kuno munthu woti mpingo wamuimitsa akamwalira, akhristu amabwera ndithu, amalira, amanyamula, koma kuimba saimba. Mtembo umapita kumanda anthu ali duu, kumangomveka mapazi. A Nambewe anaona maliro otere kamodzi, a bambo wina amene anagwidwa akutcheza kachasu, ndipo atabwerako sanadye kanthu. Ubatizo wawo anauvutikira. Analowa kalasi ali kale ndi imvi, kukhala pakati pa tiana, osadziwa kuwerenga, mafunso onse kuloweza ndi khutu. Analephera katatu, n'kudzakhoza chaka chachinayi. Ndiye ankati munthu amene wavutikira khomo chonchi sangalole kutulukira pawindo.

Koma ndiyambe ndi zitini, poti ndi zimene zinawapalamulitsa.

Bambo ake Lute ankagwira ntchito ya macheka kuphiri, ndipo anali paubwenzi ndi wophika wa mzungu wina woyang'anira mitengo ya paini. Loweruka lililonse ankatsika ndi zitini zotha ntchito: za tiyi, za fodya, za mkaka, za jamu. Ena akanazisandutsa zikho kapena nyali za koloboyi. Amayi awo ankazilandira ndi manja awiri ngati nyama. Ankayamba kuchikwecha chitinicho ndi phulusa ndi mchenga mpaka zolembalemba za Chingerezi zitachoka, chitsulo chili mbee. Kenaka ankachidzaza mchenga wonyowa, kutsendera ndi chala, kuti pogogoda chisaphwanyike. Zipangizo zawo zinali msomali umodzi wonola pamwala ndi kamwala kosalala ka kumtsinje. Mizere ankachita kukanda ndi nsonga ya msomali, kubwereza pomwepo mpaka izame. Madontho ankachita kugogoda, go, go, go, pang'onopang'ono, kuti msomali usaboole. Akatha, ankasakaniza mwaye ndi mafuta a nsatsi, kupaka chitini chonse, n'kupukuta ndi kansanza. Zakudazo zinkatsalira m'mizere mokha.

Mlendo akanati ndi maluwa chabe. Ife tinkadziwa kuti ndi mphini.

Pa utsikana wawo a Nambewe ndiwo anali otema mphini m'dera lonse lino, kuyambira kufupi ndi Chimbiya mpaka kumalire a Apwitikizi. Anamwali ankabwera nawo kwa iwo kuti awateme pamasaya, pamphumi, pachibwano. Ankanyada kuti sanatemepo anthu awiri mofanana, ngakhale mapasa. Tsiku limene analembetsa kalasi, lumo lawo anakaliponya padziwe, ndipo sanakhudzenso khungu la munthu. Koma zala sizinabatizidwe msanga, monga ankanenera eniake moseka. Itangotha njala yaikulu ija, mtsikana wina amene amayi ake anafera m'njira popita kosuma ankabwera kudzangokhala pakhonde pathu, osalankhula. Tsiku lina apongozi anga anatola chitini, n'kutemapo mphini za malemuyo, mmene zinalili pankhope. Mtsikanayo atangochiona anakuwa kuti, “Amayi!” Chiyambi chake chinali chimenecho.

Lamulo lawo linali losasintha. Chitini chimatemedwa nkhope ya mayi amene anamwalira, ndipo chimaperekedwa kwa mwana wake, makamaka pa ukwati kapena pamene wabereka mwana woyamba. Sankafunsa kuti mukufuna maluwa otani. Ankangotseka maso kanthawi, milomo ikuyenda, kenaka n'kuyamba. Anthu ankasungamo mchere, singano, mbewu za nsawawa, ena makadi a ubatizo. Bambo wina wogulitsa malonda ku Chimbiya anabwera panjinga kudzawanyengerera kuti azimutemera zambiri azikagulitsa kwa azungu apaulendo. Anamufunsa kuti amayi a azunguwo anatemedwa ndi yani. Munthu uja anangokwera njinga yake.

Ine chitini sindinalandire, ndipo zinkandiwawa zedi. Ana a eni akunyamula mphatso kuchokera pakhomo pathu pomwe, ine wophika, wotunga madzi, wotola mchenga womwewo kumtsinje, osapatsidwa ngakhale chivundikiro! Tsiku lina ndinapsa mtima n'kuwafunsa ngati ine ndinachita kugwa kumtengo.

Anandiyang'ana, n'kufwenkha fodya wawo kaye, poti sankayankha munthu asanayetsemule. Ndiye anati, “Amake Lute, amayi anu ali moyo ku Linthipe. Mwatha miyezi ingati osakawaona? Chitini n'cha amene alibe kokaona. Inu nyamukani mawa, ana ndisamala ndine.”

Ndinachita manyazi mpaka kumapazi. M'mawa mwake ndinanyamuka.

Mavuto anabwera m'zaka za boma la chitaganya, ndipo anabwera ndi a Filimoni, mkulu wa mpingo wa m'mudzi mwathu. Ndinene chilungamo: sanali munthu woipa. Anali wamtali, wa jekete limodzi koma lochapa nthawi zonse, wodziwa kuwerenga mawu mpaka nkhalamba kumva. Kungoti akaona chinthu chokhota sankagona mpaka atachiwongola. Ndipo chifukwa anali nacho. Atsikana awiri a m'kalasi anatengera maluwa a pachitini n'kutemana okha ndi lumo kudimba, wina bala n'kutukusira mpaka kukagona kuchipatala kuboma. Nkhani inafika kwa akulu, a Nambewe n'kuitanidwa.

Ine ndinawaperekeza, ndinakhala panja pafupi ndi windo. Ndinawamva akunena kuti chitini sichituluka magazi, ndipo sanatume mwana wa munthu kugwira lumo. A Filimoni anayankha mofatsa kuti lero zili pachitini, mawa zibwerera pankhope, ndipo mpingo sunachotse zimenezi kuti zilowenso kudzera m'mphatso. Chigamulo chinali chakuti aime pa mgonero miyezi isanu ndi umodzi. Ikatha, adzaimirire pamaso pa mpingo wonse n'kulonjeza pamaso pa Mulungu kuti sadzatemanso. Zitini zinasonkhanitsidwa m'thumba kuti zikakwiriridwe, ngakhale zambiri zinathawira m'nkhokwe, pansi pa chimanga.

Ndinkayembekeza kuti apongozi anga alimbana nazo, poti pakamwa anali napo. Ayi ndithu. Atafika kunyumba anasomeka msomali uja kudenga, n'kunena kuti atsikana aja anavulaladi, ndipo akulu ndi akulu. Miyezi imeneyo inali yowawa kwa tonse. Manja opanda chochita aja anatembenukira kwa ine. Ankabwereza kusesa pamene ndasesa, kusankhanso mbatatesi zimene ndasankha kale. Kutchalitchi ankakhala benchi lakumbuyo, la oimitsidwa. Masabata ankawawerenga ndi mfundo pachingwe, ndipo Lamulungu lililonse madzulo ankamasula imodzi.

Zitatsala mfundo ziwiri, tsiku lina masana tili pakhonde kusenda nsawawa, tinamva, “Odi kuno!” Anali a Filimoni, chipewa chili m'manja. Ndinawapatsa kampando. Anayamba za chisanu, za chiwawu cha mbatatesi, za mbuzi yawo yosowa. Apongozi anga ankangovomera. Kenaka bambo aja anatsokomola, n'kuyang'ana pansi.

“Amayi, zitini zija sindinakwirire. Zili kwanga m'thumba momwemo.”

“Ndamva,” anatero a Nambewe.

“Ndakhala ndikuziyang'ana chimodzichimodzi. Ndiye ndimati ndifunse. Mwa zimenezi, chilipo cha amayi anga?”

Manja anga anaima. Tonse tinkadziwa kuti amayi a a Filimoni, a Nangozo, anamwalira mwana wawo akukwawa, ndipo a Filimoni analeredwa ndi azakhali awo kumudzi wina kutali. Zithunzi kunalibe masiku amenewo. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu, wa zidzukulu, anali asanaonepo nkhope ya amene anamubereka.

“Palibe,” anayankha apongozi anga. “Chitini ndimapereka kwa mwana wa munthuyo. Inu ndikanakupatsani bwanji? Mukanandipirikitsa nacho.”

“Koma munkawadziwa?”

“Kumudziwa Nangozo? Ha! Ndinamutema ndine. Onani apa.” Anatambasula chala chachikulu, pamene panali kachipsera koyera. “Anandiluma. Anzake onse ankalira, iye anangondigwira chala ndi mano osasiya, ndatha kutema ndiye akuseka.”

A Filimoni anaseka kamodzi, kuseka kwake kosamveka bwino. Anafunsa ngati anali aatali. Anauzidwa kuti anali afupi, a kanyezi pamano, oyenda ngati akuvina. Anafunsa za nkhope. Apongozi anga anayesa kufotokoza, mzere uwu umachoka apa kupita apa, madontho amazungulira chonchi, akuloza m'malere ndi chala. Bambo aja ankagwedeza mutu, koma zinkaoneka kuti sakuona kanthu. Patapita nthawi anaimirira, anathokoza, n'kutsazika.

Atafika kumpanda ndinaona kuti pansi pa kampando pali chitini cha tiyi, chokwecha kale, chili mbee. Ndinakuwa, “A Filimoni, mwaiwala chitini!” Sanatembenuke.

“Asiyeni, amake Lute,” anatero apongozi anga. “Sanaiwale.”

Abale inu, chitini chimenecho chinakhala pakhonde masiku atatu, ndipo masiku atatu onsewo ine ndinali pakhosi pawo. Ndinati ndi msampha. Apongozi anga anati a Filimoni satchera misampha, akafuna kukugwira amabwera poyera. Ndinati dikirani masabata awiri okha, mubwerere pa mgonero, kenaka mudzateme. Anandifunsa ngati ndinamva bwino zimene adzalonjeze tsiku limenelo. Anati akatema tsopano alakwira akulu a mpingo, koma akadzatema atalonjeza adzakhala atanamiza Mulungu, ndipo pa ziwirizi akudziwa chopepuka. Ndinati ndiye musateme konse, munthu wake ndi yemwe anakuimitsani. Anati otsala amene anaona nkhope ya Nangozo ndi iwo okha, maso awo ayamba kuchita nkhungu, ndipo akafa apita nayo kumanda. Pomaliza ndinagwada, ine amene sindigwada wamba. Ndinati chabwino, temani, koma tipite kudimba, kuseri kwa nzimbe, kumene sakamva munthu.

“Mulungu si wokhometsa msonkho woti ndimubisalire m'nzimbe,” anatero.

“Nanga nyimbo, amayi? Mwaiwala maliro aja?”

Ndinawayang'ana kumaso, ndipo ndinadziwa kuti sanaiwale ngakhale pang'ono.

Tsiku lachinayi, dzuwa litangofunda, anazula msomali kudenga. Mchenga ndinakana kukatunga, anapita okha ndi ndodo. Anakhala pamalo awo a nthawi zonse, poonekera kunjira ya kuchitsime, n'kuyamba. Go, go, go. Mudzi wathu uli pachigwa, ndipo m'mawa wa chisanu phokoso limapita kutali. Amayi opita kotunga madzi ankaima ndi mitsuko pamutu, kuyang'ana, n'kupitirira osapereka moni. Manja a apongozi anga anali akunjenjemera kale ndi ukalamba, moti ntchito imene kale inkawatengera tsiku limodzi inawatengera masiku asanu. Ankayandikiza chitini pafupi ndi mphuno, kukanda pang'ono, kupuma, kupapasa ndi chala. Pofika tsiku lachitatu mkwiyo wanga unatha mphamvu. Ndinakasinja nsatsi ndekha n'kuwabweretsera mafuta.

Atatha anati ndiwaperekeze. Sanachikulunge m'nsalu. Anachinyamula m'manja poyera, tinadutsa pakati pa mudzi, kudutsa patchalitchi, mpaka pakhomo pa a Filimoni. Tinawapeza akukonza khola. Anapukuta manja pabuluku, n'kulandira ndi manja awiri. Pachitinipo panali mizere itatu yopindika mbali iliyonse, yonga nthiti za tsamba, ndi timadontho tozungulira pakati, pamene pakanakhala mphumi. Anayendetsa chala pamizerepo, kubwerera, kuyendetsanso.

Apongozi anga, amene moyo wawo wonse ankawatchula bambo ameneyu mwaulemu, anangoti, “Ndi ameneyu mayi ako, mwanawe.”

A Filimoni analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Tinadikira pang'ono, kenaka tinabwerera.

Lamulungu limene anayenera kubwezeretsedwa, kunalengezedwa kuti a Nambewe abwerezanso, choncho akhalabe oimitsidwa mpaka atalapa. A Filimoni anali pompo, kutsogolo pamodzi ndi akulu anzawo. Ndinawayang'anitsitsa, ndikudikira kuti aimirire anene kuti chitinicho anabweretsa ndi iwo. Sanatsegule pakamwa. Iii, ndinadana naye munthu ameneyu! Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire. Ndinafuna kukaulula kwa akulu, koma apongozi anga anandiletsa mwaukali. Anati iwo sanapemphedwe ndi munthu, anangopeza chitini pakhonde. Anatinso munthu amene wadikira amayi ake zaka makumi asanu musamufunse kulimba mtima sabata yomweyo.

Kulapa kunali kosavuta, mawu awiri atatu basi. Mwana wawo anawachonderera, ine ndinawachonderera. Anati kupepesa akudziwa, anapepesapo zambiri pa moyo wawo, koma sangaime m'nyumba ya Mulungu n'kunena kuti akumva chisoni ndi chinthu chimene sakumva nacho chisoni. Kutchalitchi sanasiye. Nthawi ya mgonero ikakwana ankatuluka ndi oimitsidwa anzawo, n'kukakhala pansi pa mtengo wa pichesi, kumaimba nawo chapansipansi nyimbo zochokera m'katimo. Chitini cha Nangozo chinali chomaliza, poti maso anatheratu mvula yotsatira.

Musaganize kuti mantha aja anawathera. Chifuwa chitawagwira chaka chinacho, ndikuwamwetsa phala, anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Amake Lute, mudzangoimba chamumtima. Ndidzamva.” Misozi inatsika m'masaya mwawo. Zaka zonsezo ndinali ndisanawaonepo akulira, ndipo inenso ndinalira mpaka phala linazizira.

Tinawanyamula m'mawa wa nkhungu, phiri losaoneka n'komwe. Anthu anabwera ochuluka, ena ochokera kumalire, koma onse anali duu. Mapazi okhaokha, ndi kutsokomola. Ndinayesa kuimba chamumtima monga anandiuzira, koma mawu ankandithawa. Tinatsika chigwa chonse chotero. Titafika pakamtsinje, onyamula akusinthana, kumbuyo kunamveka mawu a mwamuna akuyamba nyimbo. Aliyense anawazindikira, poti a Filimoni, ngakhale ankadziwa kuwerenga, kuimba kunawadutsa patali, mawu awo anali ngati chitseko chosowa mafuta. Ndime yoyamba yonse anaimba okha, anthu atazolika. Mkulu mnzawo anawakoka jekete, iwo osaleka. Poyamba ndime yachiwiri ndinamva pakamwa panga patatseguka. Amayi a kumbuyo kwanga analandira, kenaka abambo, kenaka onyamula omwe. Tinaimba kuchokera pamtsinje mpaka kumanda, ndipo nyimbo ikatha bambo aja ankayamba ina.

Mwezi wotsatira anachotsedwa pa ukulu. Pamlandu wawo ananena zonse, za chitini chimene anasiya pansi pa kampando, ndiponso kuti anakhala chete pamene anayenera kulankhula. Anapatsidwa benchi lakumbuyo lomwe lija. Ine ndinayambanso kuwapatsa moni, ngakhale zinanditengera nthawi, poti mtima wanga suchedwa kupsa koma umachedwa kuzizira.

Nyumba ya apongozi anga idakalipo, denga lokha ndilo lagwa mbali imodzi. Tsiku lina bambo ake Lute anaima pakhondepo nthawi yaitali, kenaka anandifunsa kuti kodi amayi anali ndi mizere ingati patsaya. Ndinati inayi. Iwo anati itatu. Ndinati nanga pachibwano? Anati panali madontho, ine ndikukumbukira kamzere. Tinakafunsa achemwali awo, anatiuza zinanso. Nkhope imene tinkaiona tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene anaganiza zowapempha kuti aiteme akadali ndi maso.

Pamene ankakhala pali kadzenje kosalala, kosazirika ngakhale muthirepo dothi lotani. Khoma la pamenepo lili ndi banga lakuda la mafuta, pamene ankatsamira mutu. Mulu wa mchenga umene unatsala pambali wamera chisoso. Dzuwa la m'mawa limafikabe pamenepo poyamba, ndipo mbuzi za a Filimoni zazolowera kudzaothera. Poyamba ndinkazithamangitsa. Masiku ano ndimangozisiya.